Okonza asamathamangire kufomata laputopu yongozima yokha

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa vuto limene lakula pakati pa ophunzira a m'makoleji, aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi ang'onoang'ono ndiponso achinyamata amene amapeza chakudya pojambula ndi kukonza makanema a maukwati. Vuto lake ndi laputopu imene imangozima yokha munthu ali pakati pa ntchito, popanda uthenga uliwonse pa sikirini. Ndimaphunzitsa Computer Studies pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Salima, ndipo popeza anthu a m'dera lino amadziwa ntchito yangayi, makina ovuta amandipeza ngakhale kunyumba. Chimene chandiwawa mpaka kutenga cholembera ndi ndalama komanso zolemba zimene anthu osauka akutaya chifukwa chopatsidwa chithandizo cholakwika ndi anthu amene amawakhulupirira.

Makina ambiri amene ndatsegula anali ndi vuto limodzi, lomwe ndi kutentha kopitirira muyeso, ndipo eni ake ambiri anali atalipira kale kuti wina awafufutire zonse ndi kuikamo Windows watsopano. Kufomata kwasanduka yankho la dandaulo lililonse m'timashopu tambiri tokonzera makompyuta, chifukwa n'kosavuta, sikufuna kumasula chilichonse, ndipo kasitomala akaona sikirini yooneka yatsopano amakhulupirira kuti ntchito yagwirika. Munthu amabwerera kunyumba, laputopu imagwira bwino madzulo amenewo popeza mulibe mapulogalamu olemera, koma akangobwezeretsamo zimene amagwiritsa ntchito imayambiranso kuzima, ndipo apa ndi pamene amauzidwa kuti bodi, chipangizo chachikulu cha m'kati chimene tizipangizo tonse timalumikizidwapo, yapsa, ndi bwino agule laputopu ina. Minibasi ikawira pokwera mapiri ochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, palibe dalaivala wanzeru amene amathamangira kusintha wailesi ya m'galimotomo. Amatsegula boneti n'kuona madzi ndi fani. Ndi mtima womwewo umene ndikupempha okonza makompyuta athu kuti akhale nawo.

Owerenga ayenera kudziwa choyamba kuti kuzima kotereku anachita kukukonza dala opanga makinawa. M'kati mwa laputopu muli purosesa, kachipangizo kakang'ono kamene kamachita masamu onse a kompyuta, ndipo pafupifupi magetsi onse amene kamadya amasanduka kutentha. Mapurosesa a m'malaputopu a muofesi anapangidwa kuti azitulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 15, pamene a m'makina a masewera ndi okonzera makanema amafika mawati 45 kapena kuposerapo, ndipo kutentha konseko kumachokera pa malo ochepa kwambiri. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu ali ndi malire a madigiri pafupifupi 100. Purosesa ikayandikira malirewo imayamba yadzichepetsa liwiro yokha, n'chifukwa chake kompyuta imayamba kuchedwa, kanema amadukaduka, mawu a pa Zoom amamveka mwa apo ndi apo. Kuchepetsa liwiroko kukapanda kuthandiza, makina amadula magetsi nthawi yomweyo osafunsa Windows, osadikira kuti mwini wake asunge zimene amalemba, pofuna kuti purosesa isawonongeke. Choncho laputopu yozima yokha ikatentha ikuchita zimene inapangidwira, ndipo funso loyenera kufunsa ndi lakuti n'chiyani chikulepheretsa kutenthako kutuluka.

Njira imene kutentha kumadzera ndi yaifupi ndipo aliyense angaimvetse. Pamwamba pa purosesa pamakhala kachitsulo ka mkuwa, ndipo pakati pa ziwirizi pamapakidwa mafuta otuwa amene okonza amawatcha thermal paste, omwe ntchito yake ndi kudzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke bwino. Kuchokera pa kachitsuloko pamachoka kapaipi ka mkuwa kophwatalala, kotsekedwa mbali zonse, kamene m'kati mwake muli timadzi tochepa kwambiri. Timadzito timasanduka nthunzi kumbali yotentha, nthunziyo imathamangira kumbali yozizira kumene imasandukanso madzi, kenako madziwo amabwerera kukayambiranso. Kumapeto kwa kapaipiko kuli timalata topyapyala tambirimbiri tondondozana, ndipo fani imakoka mpweya kudzera m'mabowo a pansi pa laputopu n'kuukankha pakati pa timalatato kuti utuluke cham'mbali kapena kumbuyo. Pakangowonongeka chimodzi mwa zinthu zimenezi, zina zonse zimagwira ntchito pachabe.

Kuno kwathu chimene chimawonongeka kawirikawiri ndi mpata wa pakati pa fani ndi timalata tija. Mphunzitsi mnzanga wina anandibweretsera laputopu imene inkazima akangoyamba kulowetsa malikisi a ana, ndipo fani yake inkalira mwamphamvu kwambiri moti inkamveka chipinda chonse, koma ukaika dzanja potulukira mpweya sumamva kamphepo ngakhale pang'ono. Titachotsa chivundikiro cha pansi n'kunyamula faniyo, tinapeza kuti fumbi, ulusi wa bulangete ndi tsitsi zalukana n'kupanga chinthu chokhuthala chotuwa, chomwe chinatseka timalata tonse kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Ndinachikoka ndi kachitsulo kopanira ndipo chinatuluka chathunthu osaduka, pansi pake timalata tili waliwali. Kunja kwa laputopuyo kunali koyera bwino, chifukwa mwini wake ankaipukuta tsiku ndi tsiku, ndipo analibe njira yodziwira kuti m'kati mwatsekeka. Fumbi la misewu yathu m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, fumbi la choko m'makalasi, ndiponso utsi wa mbaula ndi mafuta ophikira m'nyumba zimene chipinda chimodzi ndi khitchini komanso chowerengeramo, zonsezi zimalowa limodzi ndi mpweya umene fani imakoka, ndipo utsi wamafuta umachititsa kuti fumbilo limamatire.

Chachiwiri ndi mafuta a pa purosesa aja. Pakapita zaka amauma n'kuyamba kusweka, ndipo kutentha kumalephera kuwoloka ngakhale fani ikhale yoyera. Laputopu yotere imatulutsa mpweya wofunda pang'ono chabe pamene purosesa ili pafupi ndi malire ake. Kuchotsa mafuta akalewo ndi sipiriti n'kupaka atsopano ochepa ndi ntchito yosatenga nthawi kwa munthu wodziwa, ndipo mtengo wake sungayerekezedwe n'komwe ndi wa bodi yatsopano. Chachitatu ndi fani yeniyeniyo, imene imatha kuyamba phokoso lokwecha kapena kuima kumene. Makina ambiri a HP amachenjeza za zimenezi poyaka ndi uthenga wokhala ndi nambala 90B, ndipo uthenga wa 90D umanena kuti makinawo anazima chifukwa cha kutentha. Ndaona anthu akungodina batani kuti uthengawo uchoke kwa miyezi yambiri, chifukwa palibe amene anawauza tanthauzo lake.

Tisaiwalenso kuti makinawa akugwira ntchito m'dziko lotentha. Kampani ya Apple imalemba poyera kuti malaputopu ake azigwiritsidwa ntchito pamalo amene kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, ndipo makampani ena akuluakulu amaikanso malire a madigiri 35 pa makina awo ambiri. Koma mu Okutobala 2023 nthambi yoona za nyengo m'dziko muno inachenjeza kuti kutentha kufika madigiri 44 m'madera ena, ndipo aliyense amene wakhalapo ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mangochi, ku Karonga kapena kuno ku Salima akudziwa mmene nyumba ya malata yopanda siling'i imakhalira masana a mwezi umenewu. Fani siiziziritsa mpweya, imangosuntha umene ulipo, kotero mpweya wolowa ukakhala wotentha kale, laputopu imene ikanapirira ku Dedza kapena ku Mzuzu imagonja ku Nchalo. Izi zikutanthauza kuti ife tiyenera kuyeretsa makina athu pafupipafupi kuposa anthu a kumene anapangidwira, osati kuwasiya zaka zambiri osatsegulidwa monga tikuchitiramu.

Pali zina zimene timalakwitsa tokha, ngakhale sindikufuna kudzudzula kwambiri ophunzira, chifukwa ambiri amakhala m'zipinda zalendi zopanda tebulo ndipo bedi ndiye malo okhawo owerengerapo. Komabe laputopu ikaikidwa pa matiresi, pa pilo kapena pa bulangete, mabowo a pansi amatsekeka ndipo ulusi umakokedwera m'kati. Ena amaiyala pa chitenje poopa kuti ingakandike, ena amaitseka n'kuiponya m'chikwama isanazime bwinobwino, ndipo imakafika kumene akupita ili yotentha moti sungaigwire. Thabwa losalala kapena thireyi yoikidwa pa bedipo imathetsa vuto loyambalo popanda kugula kanthu.

Tsono si kuzima konse kumene kumabwera chifukwa cha kutentha, ndipo apa ndi pamene wokonza woona mtima amasiyana ndi wongofuna ndalama, chifukwa amayamba wafunsa mafunso. Kuzima kwa kutentha kuli ndi khalidwe lake. Kumabwera makina akagwira ntchito kwa kanthawi, makamaka ntchito yolemera monga kukonza kanema, masewera, msonkhano wa pa intaneti kapena pamene Windows akudzikonzanso. Fani imakhala ikulira kwambiri kapena ili zii pamene imayenera kulira. Ndipo ukayatsanso nthawi yomweyo imazima msanga kuposa poyamba, koma ukaisiya kuti izizire imapirira nthawi yotalikirapo. Laputopu imene imazima ukangochotsa chaja, kapena imene imazima batire ikuonetsa kuti yatsala ndi magetsi ambiri, vuto lake ndi batire yotha. Imene imazima ukagwedeza chingwe kapena ukaisuntha pa tebulo ili ndi vuto polowera chaja kapena pa chingwe chenichenicho. Imene imaonetsa sikirini yabuluu n'kuyambiranso yokha nthawi zambiri imaloza ku RAM (pamene kompyuta imagwirizira zimene ikuchita pa nthawiyo), ku hard disk (mosungira mafayilo) kapena ku madalaiva (timapulogalamu tolumikiza Windows ndi zipangizo za makinawo), ndipo apa pokha ndi pamene nkhani ya Windows imayamba kukhala ndi malo. Mafunso amenewa satenga nthawi ndipo salira ndalama, koma anthu ambiri amene ndakumana nawo sanafunsidwe ngakhale limodzi.

Nkhani ya batire ndi chaja ndi yofunika kwambiri kuno chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Laputopu imene batire yake inafa imadalira chingwe chokha, kotero magetsi akaphethira pang'ono, kapena jenereta ikatsokomola, imazima pompo, ndipo mwini wake angaganize kuti ndi kutentha. Machaja enieni amalembedwa kuti amalandira mavolti kuyambira 100 mpaka 240, choncho magetsi athu a mavolti 230 amawakwanira bwino, ndipo amatulutsa mavolti 19.5 pa makina ambiri a HP ndi Dell kapena 20 pa a Lenovo. Vuto limabwera ndi machaja otchipa opepuka amene adzaza m'misika, omwe amalembedwa mawati 65 kapena 90 koma sangathe kupereka mphamvu imeneyo, ndipo amatentha kwambiri iwo eni. Munthu akapatsidwa chaja ya mawati 45 pa makina ofuna 90, batire imatha kumatsika ngakhale chingwe chili cholumikizidwa. Manambala amenewa amalembedwa pansi pa laputopu ndi pa chaja, ndipo wogula aliyense ali ndi ufulu wowayerekeza asanapereke ndalama.

Pa batire pali chenjezo limene ndikupempha kuti lisanyozedwe. Kutentha kumakalambitsa msanga mabatire a lithium, ndipo batire yowonongeka imatha kufufuma. M'makina atsopano opyapyala batire ili m'kati, pansi pa malo oikapo manja, kotero chizindikiro chake ndi touchpad yotukuka, mabatani olimba kudina, kapena chivundikiro cha pansi chimene chayamba kukanuka chokha. Batire yotere ikhoza kuyaka moto, ndipo siyenera kuboola, kupanikizidwa, kuchajidwanso kapena kutayidwa pa dzala pamene ana amasewera ndi pamene timawotcha zinyalala. Ngozi imeneyi ndi yodziwika ngakhale kwa opanga eni ake: mu Ogasiti 2006 kampani ya Dell inaitanitsa mabatire 4.1 miliyoni opangidwa ndi Sony chifukwa choopa moto. Ngati makampani aakulu otere anaopa, ife amene timagona chipinda chimodzi ndi laputopu ili pa chaja usiku wonse tiyenera kuopa koposa.

Ubwino wake ndi wakuti kutentha kumayezeka, ndipo palibe chifukwa cholotera. Mapulogalamu aulere monga HWMonitor, Core Temp ndi HWiNFO amaonetsa madigiri a purosesa nthawi iliyonse. Laputopu yabwinobwino ikangokhala osachita kanthu imakhala cha m'madigiri 40 kapena 50, ndipo imakwera ikapatsidwa ntchito. Koma imene ili pa 80 isanatsegule chilichonse, n'kulumphira ku 95 ukangotsegula kanema, yanena yokha matenda ake. Makina a Dell ali ndi njira yodziyeza okha imene imapezeka podina F12 poyatsa, ndipo a HP ali ndi yawo pa F2. Ndaonapo okonza ena akutsegula Event Viewer, kaundula amene Windows amalembamo zochitika za m'kompyuta, n'kuonetsa kasitomala mzere wofiira wolembedwa Kernel-Power 41 ngati umboni wakuti Windows wawonongeka, chonsecho mzerewo umangonena kuti kompyuta inazima mosayembekezeka ndipo sutchula chifukwa chake. Za vayirasi nazonso zili ndi choonadi chake pang'ono, chifukwa mapulogalamu ena obedwa amene timakopera kwa anzathu amabwera ndi tizinthu tobisika togwiritsa ntchito purosesa usana ndi usiku. Koma zimenezi zimaoneka mu Task Manager, imene imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, podina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ndipo kawirikawiri zimachotsedwa popanda kufufuta zinthu za mwini wake.

Ndikulimbikira za kufufutaku chifukwa cha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ku sekondale, yemwe anafika chaka chomaliza ku koleji. Laputopu yake inayamba kuzima pamene ankalemba kafukufuku wake womaliza, ndipo anaitengera kwa wokonza wina m'tauni amene anamuuza kuti abwere madzulo. Atabwera anapeza Windows watsopano, koma machaputala ake, mayankho a anthu amene anawafunsa kumudzi ndiponso zithunzi za banja lake zonse zinali zitapita, ndipo atafunsa anauzidwa kuti akanayenera kunena. Pamene ankandibweretsera makinawo anali akuzimabe monga kale, ndipo m'kati mwake munali fumbi lokhalokha. Anakhala chete pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana fumbilo pa pepala limene ndinaliikapo. Zina tinazipeza m'makalata a pa intaneti amene ankatumiza kwa aphunzitsi ake, koma zambiri analemba kachiwiri. Wokonza aliyense ayenera kufunsa mwini wake momveka bwino asanafufute kanthu, ndipo wophunzira aliyense azisunga ntchito yake pa malo awiri kapena atatu, pa fulashi, pa Google Drive, ngakhale podzitumizira yekha pa imelo, makamaka laputopu ikangozima yokha koyamba, popeza kuzima kulikonse kotere kukhoza kuwononga fayilo imene inali yotsegula.

Tsopano ndifike kwa ogulitsa. Malaputopu ambiri amene Amalawi timagula ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera m'maofesi a kunja, ndipo sindikuona cholakwa pa zimenezi, chifukwa kukwera kwa mitengo, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunachititsa kuti laputopu yatsopano ikhale yosafikirika kwa mabanja ambiri. Makina a mitundu ya ThinkPad, Latitude ndi EliteBook anapangidwa molimba ndipo amatsegulika mosavuta. Cholakwa ndi kugulitsa makina a zaka khumi osawatsegula n'komwe, kungowapukuta kunja, kumata kapepala konyezimira n'kumauza makolo kuti purosesa yake ndi Core i7 ngati kuti dzinalo ndi umboni wa unyamata. Msinkhu wa purosesa umaoneka pa nambala yake: mu i5-4300U, nambala 4 ikusonyeza m'badwo wachinayi umene unatuluka mu 2013, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu wa 2017. Laputopu ya 2013 imene sinasinthidwepo mafuta a pa purosesa ikafika ku Mangochi mu Okutobala, palibe chodabwitsa ikayamba kuzima. Komanso popeza kampani ya Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiyira kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 amafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, n'zoyembekezeka kuti makina akale amene maofesi akunja akuwasiya azifika kuno ochuluka. Wogulitsa woona mtima aziyeretsa makina aliwonse, kusintha mafutawo, kuyeza batire, ndi kulemba pa lisiti zimene wachita pamodzi ndi nthawi imene wogula angabweze katunduyo akavuta.

Wogula nayenso asachite manyazi mushopu. Apemphe kuti laputopu iyatsidwe, aseweretse kanema kwa mphindi makumi awiri kapena kuposerapo, aike dzanja potulukira mpweya, amvetsere fani, kenako achotse chaja aone ngati batire ikugwira. Wogulitsa amene akukana zimenezi ndi bwino kumusiya ndi katundu wake.

Kwa okonza anzanga, pakuti nanenso ndimagwira sikuludiraiva, ndikupempha kuti tisiye zizolowezi zina zimene zikuipitsa mbiri ya ntchito yabwinoyi. Kupopera mpweya wamphamvu m'mabowo laputopu ili yotseka kumangokankhira fumbi m'kati, ndipo kukazunguza fani mopitirira liwiro lake kumaiwononga. Fani iyenera kugwiridwa kuti isazungulire, ndipo batire iyenera kuchotsedwa kaye ntchito isanayambe. Mankhwala otsukira mano si mafuta a purosesa, ngakhale ena amawapaka, chifukwa amauma msanga ndipo makinawo amabwerera ali oipirapo. Kuwotcha bodi ndi mfuti ya mpweya wotentha kumatha kudzutsa makina kwa kanthawi kochepa, koma kulipiritsa munthu ngati kuti mwakonzeratu ndi chinyengo. Makampani a Lenovo, Dell ndi HP amaika mwaulere pa intaneti mabuku ofotokoza katsegulidwe ka makina awo ambiri, tisikuluwu tonse ndi ndondomeko yake, kotero palibe chifukwa chothyolera timapulasitiki ndi kudula timawaya mongoyerekeza. Ndipo n'chinthu chaulemu kuonetsa kasitomala madigiri ntchito isanayambe ndi itatha, kuti aone ndi maso ake chimene walipirira.

Mwini laputopu amene alibe ndalama lero ali ndi zochita zingapo podikira. Akhoza kukweza kumbuyo kwa makinawo ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi, kugwira ntchito zolemera m'mamawa kapena usiku, kutseka mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti amene sakuwagwiritsa ntchito, ndiponso kulowa mu Power Options n'kutsitsa Maximum processor state kuchoka pa 100 kufika pa 99 peresenti, zimene pa makina ambiri zimaletsa purosesa kuthamanga mopitirira liwiro lake la nthawi zonse ndipo zimachepetsa kutentha moonekeratu. Timatebulo tokhala ndi mafani timathandiza pang'ono, koma sitingatsegule njira imene fumbi latseka. Kuika laputopu mufiriji, kumene ndamva ena akulangizana, n'koopsa, chifukwa ikatuluka chinyezi chimasanduka madzi pa bodi.

Sindikunena kuti mlandu wonse ndi wathu. Opanga nawonso, pofuna makina opyapyala ndi opepuka, amachepetsa malo a mpweya, ndipo nthawi zina amalakwitsa kumene. Okonza akale akukumbukira makina a HP, Dell ndi Apple amene ankafa sikirini chifukwa cha tizipangizo ta zithunzi ta Nvidia tosapirira kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, vuto limene kampaniyo inalivomereza mu 2008. Zilipo ndithu nthawi zimene bodi imakhala itawonongekadi, kapena kapaipi ka mkuwa kaja kataboka n'kusiya kugwira ntchito. Chimene ndikukana ndi kufika pa chigamulo chodulachi munthu asanayang'ane zotchipa ndi zodziwikiratu.

Pomaliza ndikupempha mabungwe amene ali ndi mphamvu kuti achitepo kanthu. Bungwe la TEVETA, lomwe limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lingathandize pokonza maphunziro aafupi a anyamata ndi atsikana amene akukonza kale makompyuta m'misika popanda pepala lililonse, chifukwa ambiri mwa iwo ndi aluso ndipo chimene akusowa ndi wowaphunzitsa kuyeza asanagamule. Bungwe la Malawi Bureau of Standards liyang'anitsitse machaja ndi mabatire amene akulowa m'dziko muno, popeza awa ndi amene angawotche nyumba. Ogula adziwe kuti Competition and Fair Trading Commission imalandira madandaulo a anthu amene agulitsidwa katundu wosayenera, ndipo kuti adandaule bwino ayenera kukhala ndi lisiti, choncho asachoke mushopu popanda lisitilo. Makoleji ndi mayunivesite athu, amene ali ndi ophunzira a zamakompyuta ofuna pophunzirira ntchito, angakhazikitse masiku oyeretsa malaputopu a ophunzira anzawo pa mtengo wochepa mwezi wa Seputembala, kutentha kusanafike pachimake ndiponso mayeso asanayandikire. Ndipo inu a Mkonzi, ndikupempha kuti mutumize mtolankhani wanu m'mashopu okonzera makompyuta ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, atanyamula laputopu imene vuto lake ndi fumbi lokha, kuti adzatiuze zimene adzauzidwe ndi ndalama zimene adzatchulidwe.

Ine wanu,

Mphunzitsi wa Computer Studies,
Salima.